Malire amene akukupanani ndi ati?

Ana anga, inu amene muli Fomu 4 ndi inu amene mudamaliza kale, m'buku lanu la masamu muli mutu umodzi umene ndikufuna tiukhalire pansi. Ndi mutu uja wa linear programming, umene mumajambula mizere itatu kapena inayi papepala la timabokosi, n'kudetsa ndi pensulo mbali yosafunika, kenako n'kuyesa manambala a m'ngodya kuti mupeze lalikulu. Ambiri mumaukonda chifukwa suumira malikisi pa mayeso a MSCE. Mayeso akatha mumausiya pamodzi ndi yunifomu, ndipo zimenezi zimandiwawa, pakuti pa mitu yonse ya m'bukumo, umenewu ndiwo umathandiza kwambiri munthu wa zochepa. Mwini chuma chambiri akhoza kugawa zinthu zake molakwika osamva kanthu. Koma amene ali ndi munda waung'ono, manja owerengeka ndi matumba ochepa a feteleza, akalakwitsa pogawa mu Novembala amakalipira mu Febuluwale.

Masamu amenewa sadabadwire m'kalasi. M'chaka cha 1938, mumzinda wa Leningrad ku Soviet Union, anthu a mafakitale opanga matabwa a pulayiwudi adakapempha nzeru kwa mphunzitsi wa payunivesite, Leonid Kantorovich, amene adali ndi zaka 26 zokha. Iwo adali ndi makina 8 osenda zipika, ndipo mitundu ya katundu wofunika kutuluka idali 5. Makina ena ankathamanga pa mtundu uwu n'kumachedwa pa mtundu uwo, komanso mitundu isanuyo inkayenera kutuluka pa muyeso woikidwiratu, osati wina wambiri wina wochepa mwachisawawa. Funso lawo lidali lakuti makina ati agwire mtundu uti, kwa nthawi yaitali bwanji, kuti katundu atuluke wochuluka koposa. Kantorovich ataliyang'anitsitsa adaona kuti funso lomwelo likupezeka m'malo ambiri: podula zitsulo kuti zotaya zichepe, pogawa minda ku mbewu zosiyanasiyana, potumiza katundu kuchokera kumalo angapo kupita kumalo angapo. Mu 1939 adatulutsa kabuku kofotokoza njira yothetsera mavuto otere, ndipo kugawa minda kudali m'kabukumo. Choncho ndikakupatsani chitsanzo cha kumunda musaganize kuti ndikuwapeputsa masamuwo.

Vuto lotere limakhala pa mafuwa atatu. Loyamba ndi zimene zili m'manja mwanu kusankha: maekala angati a mbewu iyi, maola angati pa makina awa. Mvula si yanu, mtengo wa pamsika si wanu, choncho sizilowa pamenepa. Lachiwiri ndi cholinga, ndipo chiyenera kukhala chimodzi, chotheka kuchiyeza ndi nambala: phindu likule, kapena ndalama zolowa zichepe. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa amafuna phindu lalikulu, ntchito yochepa, nkhokwe yodzaza ndi ulemu pamudzi, zonse nthawi imodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Sankhani chimodzi choti muchikweze, zinazo muzilembe ngati malire osayenera kudumphidwa. Lachitatu ndi malirewo: munda uthera apa, masiku athera apa, ndalama zithera apa.

Tiyerekeze mlimi wa ku Mchinji amene ali ndi maekala 4 ndipo akuganiza zobzala chimanga ndi mtedza. Manambala ndikuikawa ndi ongophunzirira, ndawasankha kuti kuwerengera kusavute. Pa nyengo yothina ija ya kubzala, kupalira ndi kubandira, banja lake lingakwanitse masiku 60 a ntchito, kuwerenga kwake n'kwakuti anthu atatu akalima tsiku limodzi akhala masiku atatu. Ekala ya chimanga imadya masiku 10, ya mtedza imadya 20. Ali ndi matumba 8 a feteleza. Chimanga chimafuna matumba 2 pa ekala, mtedza sathira. Akachotsa zonse zolowa, ekala ya chimanga imamusiyira K200,000, ya mtedza K300,000. Mwa kalembedwe ka kusukulu, maekala a chimanga akhale x, a mtedza akhale y. Munda ukunena kuti x + y asapitirire 4. Masiku akunena kuti 10x + 20y asapitirire 60. Feteleza akunena kuti 2x asapitirire 8. Chimene tikufuna kukweza ndi 200,000x + 300,000y.

Mnzake wina amuuza kuti, "Achimwene, ndalama zili mu mtedza, bzalani mtedza wokhawokha." Sakunama, pa ekala mtedza ukuposa chimanga. Koma masiku 60 athera pa ekala yachitatu, yachinayi n'kukhala tsala, ndipo phindu ndi K900,000. Wina amuuza kuti, "Ayi, mtedza umadya manja. Taonani, tsiku limodzi m'chimanga likubweza K20,000, mu mtedza K15,000 yokha." Nayenso sakunama. Koma akabzala chimanga munda wonse apeza K800,000, ndipo masiku 20 atsala osagwira kanthu. Alangizi awiriwa, aliyense wayang'ana malire amodzi n'kuiwala enawo. Tsopano agawe maekala 2 a chimanga, 2 a mtedza. Munda wadzaza, masiku 20 ndi 40 akwana 60 ndendende, phindu ndi K1,000,000. Sadawonjeze munda, sadalembe waganyu, sadakongole kwa munthu. Kusiyana konse kwachokera pa kagawidwe.

Musangoloweza kuti yankho limakhala pa ngodya. Mvetsani chifukwa chake. Yambani pamene munda wonse ndi chimanga. Chotsani ekala imodzi ya chimanga muikepo mtedza: phindu lakwera ndi K100,000, ndipo mwadya masiku 10 pa 20 otsala aja. Ekala yachiwiri ichita chimodzimodzi, K100,000 ina, masiku 10 ena. Poti kusintha kulikonse kukubweza mofanana, palibe chifukwa choimira panjira. Mumapitirira mpaka china chake chitatha, ndipo pano chatha ndi masiku. Kuchokera pamenepo, kuti muwonjeze ekala ina ya mtedza muyenera kupeza masiku 20, ndipo muwapeza pokhapokha mutasiya maekala 2 a chimanga. Mwapeza K300,000, mwataya K400,000. Kutsogolo kuli kutaya, kumbuyo kuli kutaya, ndiye kuti pamene mwaimapo mpomwepo. Zonsezi zikutheka chifukwa mizere yake ndi yowongoka: maekala awiri amadya kawiri zimene imadya ekala imodzi, n'kubweza kawiri zimene imabweza imodziyo. Mizere ikakhala yowongoka motero, ngodya imene yaposa ngodya zoyandikana nayo yaposa zonse, ndipo simufunika kukayang'ana kwina.

Kuyenda kumene mwayendaku, kuchoka pa ngodya kupita pa ngodya yoyandikana nayo yabwinopo mpaka kusowa kopita, ndiyo njira yotchedwa simplex. Adaipeza George Dantzig mu 1947 akukonza mapulani a asilikali a ndege za nkhondo a ku America, asakudziwa n'komwe za kabuku ka Kantorovich, kamene kadatuluka m'Chingerezi mu 1960. Pa mbewu ziwiri pepala la timabokosi likukwanira. Koma zosankha zikafika mazana simungajambule, ndipo simungayese zonse. Dantzig ankakonda kupereka chitsanzo cha anthu 70 oti agawidwe pa ntchito 70. Njira zowagawira n'zochuluka moti chiwerengero chake chikalembedwa chimatenga manambala 101 ondondozana, ndipo kompyuta yothamanga chotani singathe kuziyesa imodziimodzi. Simplex siyesa zonse, imangotsata kumene kukukwera, ndipo vuto ngati limenelo imalimaliza m'kanthawi. Lero makampani a ndege, oyenga mafuta, osakaniza chakudya cha nkhuku, ngakhalenso bungwe la World Food Programme pokonza chakudya chogawa, onse amadalira masamu a mtundu umenewu.

Tsopano tafika pa chimene ndakuitanirani, chimene mayeso safunsa kawirikawiri. Yankho lakuti 2 ndi 2 ndi la chaka chino chokha. Chimene mudzayenda nacho moyo wonse ndi kudziwa malire amene akukupanani, ndi mtengo wa kuwasuntha. Mlimi wathu mukamufunsa chimene chikumuvuta, ayankha ngati wina aliyense: munda wachepa, manja achepa, feteleza wakwera mtengo. Zonsezo n'zoona, koma taonani pa ngodya imene waimapo. Munda watha, masiku atha, koma feteleza wathira matumba 4 okha, 4 ali m'nyumba. Munthu atamupatsa thumba lina pamwamba pa 8 aja, zokolola zake sizingamubwezere ngakhale tambala yowonjezera. Feteleza ndi wodula kusitolo, koma m'munda wa mlimi ameneyu, pa kagawidwe kameneka, thumba lowonjezera mtengo wake ndi ziro.

Nanga munda? Mnansi akufuna kumubwereketsa ekala imodzi. Alipire zingati? Maganizo ofulumira anena kuti ekala imabweza K200,000 kapena K300,000, choncho lendi ya K150,000 ndi yabwino. Werengerani kaye. Maekala akhala 5 koma masiku akadali 60. Kagawidwe kabwino tsopano ndi maekala 4 a chimanga ndi imodzi ya mtedza, K1,100,000. Ekala yatsopanoyo yawonjeza K100,000 yokha, chifukwa kuti apeze masiku oilimira wachita kuchepetsa mtedza. Akalipira K150,000 wataya K50,000 atalima munda waukulu kuposa kale, ndipo pokolola adzadabwa kumene ndalama zalowera. Chitaninso chimodzimodzi ndi masiku. Pa maekala ake 4 aja, akalemba aganyu a masiku 10 asintha ekala ina kukhala mtedza: imodzi chimanga, 3 mtedza, phindu K1,100,000. Ndiye kuti tsiku limodzi la ganyu kwa iye ndi K10,000. Waganyu wa K6,000 patsiku amulembe msanga, wa K12,000 amubweze mwaulemu.

Manambala awa, K100,000 pa ekala, K10,000 pa tsiku, ziro pa thumba, ndi mitengo yobisika. Simudzaipeza pamsika uliwonse, imabadwa m'kati mwa vuto lanulo, ndipo ya mnansi wanu ikhoza kusiyana ndi yanu. Ili ndi khalidwe limodzi lokongola. Chulukitsani chilichonse chimene muli nacho ndi mtengo wake wobisika, muphatikize. Maekala 4 pa K100,000 ndi K400,000, masiku 60 pa K10,000 ndi K600,000, feteleza ziro. Zonse pamodzi ndi K1,000,000, phindu lija ndendende. Sizinangochitika mwamwayi. Zimatero nthawi zonse mukafika pa yankho lenileni, moti mukaona mbali ziwirizi sizikukumana dziwani kuti mwalakwitsa pena. Katswiri wa masamu John von Neumann ndi amene adamutsegula maso Dantzig pa zimenezi atakumana ku Princeton mu 1947.

Ndi mitengo imeneyi m'thumba, mukhoza kuyesa nzeru yatsopano iliyonse osayambiranso kujambula. Wabwera munthu kudzayamikira soya: ekala imadya masiku 15, imasiya K240,000. Zikumveka bwino, chifukwa ikuposa chimanga pa ndalama ndipo ikupepuka kuposa mtedza pa ntchito. Koma soyayo kuti alowe m'munda ayenera kulanda ekala ya K100,000 ndi masiku 15 a K150,000, zonse K250,000. Akulanda zambiri kuposa zimene akubweza, choncho adikire kaye. Wina wabwera ndi mbewu imene imadya masiku 30 n'kusiya K450,000. Anthu akuiopa kuti ndi ya ntchito yambiri, koma ikulanda za K400,000 zokha, ndiye kuti ndi yoyenera kuipatsa gawo. Kompyuta ikamayendetsa simplex, funso limene imafunsa pa ngodya iliyonse ndi lomweli: pa zimene sindinazilowetse, chilipo chimene chikubweza zoposa zimene chikulanda?

Koma mitengo yobisika simakhala malo amodzi. Mlimi uja atatenga ekala yachisanu, chimanga chafika maekala 4 ndipo matumba onse 8 athiridwa. Akakomedwa n'kubwerekanso ekala yachisanu ndi chimodzi, imeneyo siwonjeza kanthu, ndipo feteleza amene dzulo adali ziro tsopano akubweza K25,000 pa thumba. Aganyu nawonso ali ndi polekezera: pa maekala 4, masiku akafika 80 munda wonse wakhala mtedza, ndipo tsiku la 81 lilibe ntchito. Mukamasula malire amodzi, ena amayamba kupana. Ndaona anyamata akulowa m'ngongole ya katapila kuti agule makina achiwiri osokera pamene oyamba amakhala theka la tsiku ali duu, chifukwa chimene chidawapana ndi nsalu kapena makasitomala. Ndaona ndalama za banki mkhonde zikuthera pa kuwonjeza katundu m'golosale imene katundu wa mwezi watha akadali pa shelefu. Musanakongole, dzifunseni: ichi ndikufuna kuwonjezachi, chimene ndili nacho kale chatha? Ngati sichinathe, ngongoleyo mukuitengera malire olakwika, ndipo chiwongoladzanja sichidzakumverani chisoni.

Mfundo ya mitengo yobisika ija Kantorovich idamuika pangozi. M'dziko lake chiphunzitso cha boma chinkati mtengo wa chinthu umachokera ku thukuta la wantchito, pamene masamu ake ankaonetsa kuti munda, makina ndi chilichonse chopereweza chili ndi mtengo wochokera ku kuperewerako. Buku lake lalikulu pa nkhaniyi adalilemba mu 1942, koma lidasindikizidwa mu 1959. Mu 1975 adalandira mphotho ya Nobel pa zachuma pamodzi ndi Tjalling Koopmans, amene adafika pa maganizo ofanana pokonza maulendo a sitima zonyamula katundu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Tsopano ndikuchenjezeni. Masamuwa amayankha funso limene mwalemba, osati limene lili mumtima mwanu. Mu 1945 katswiri wa zachuma George Stigler adafunsa kuti munthu wamkulu angadye motchipa bwanji chaka chathunthu thupi osaperewera kanthu. Adatenga zakudya 77 ndi zofunika m'thupi 9, ndipo poyesayesa ndi nzeru zake adapeza chakudya cha madola 39.93 pachaka pa mitengo ya 1939: ufa wa tirigu, mkaka wa m'chitini, kabichi, sipinachi ndi nyemba zouma. Mu 1947 vuto lomwelo adaliyesera simplex. Makalaliki 9 okhala ndi makina owerengera a pamanja adagwira masiku 120 a ntchito, yankho n'kutuluka madola 39.69. Stigler adaphonya ndi masenti 24 okha. Koma ndani angadye zinthu zisanu zomwezo tsiku ndi tsiku chaka chonse? Dantzig mwini wake adasimba zimene zidamuchitikira pamene dokotala adamuuza kuti achepetse thupi. Adalemba vutolo n'kulamula kompyuta kuti imupezere chakudya chokhutitsa koposa koma chosanenepetsa. Yankho loyamba lidali ndi magaloni 500 a viniga, chifukwa pa mndandanda wa zakudya viniga adalembedwa ngati alibe madzi. Atakonza zimenezo, kompyuta idamupatsa timibulu 200 ta msuzi wa nyama pa tsiku, chifukwa malire a mchere sadalembedwe. Kompyuta sidalakwe. Munthu aliyense amadziwa kuti mchere uli ndi polekezera, ndipo chifukwa choti aliyense amadziwa, palibe amene adakumbuka kulemba.

Kwathu kuno njira yomweyi idagwirapo ntchito yabwino. Mu 2002 akatswiri a zakudya Nicole Darmon, Elaine Ferguson ndi André Briend adafalitsa kafukufuku wa chakudya cha ana aang'ono a kumidzi ya Malawi, pofuna kudziwa ngati zakudya zopezeka pamudzi zingakwanitse zofunika m'thupi la mwana. Iwo adaika malire a kuchuluka kwa chakudya chimene mwana angadyedi, kuti yankho lisatuluke ngati la viniga lija. Adapeza kuti nyengo yokolola n'zotheka popanda kusintha kwambiri kadyedwe, koma nyengo imene zokolola zatha zimavuta, chifukwa zakudya zokhala ndi zinki ndi vitamini B2 zimasowa. Yankho lotere ndimalilemekeza, pakuti limachotsa mlandu pa mayi wophika n'kuuika pamene uyenera kukhala, pa chimene palibe pamudzi.

Bwererani kwa mlimi wathu. Mwamuwerengera, mwamuuza 2 ndi 2, koma mkazi wake wakana: chimanga chisachepere maekala 3. Wophunzira wodzikuza anena kuti mayiwo sakumvetsa masamu. Ine ndikuti mayiwo akukuuzani malire amene mudaiwala kulemba. Amene adaona njala ya 2002 amadziwa kuti ndalama za mtedza za mu Juni sizigula chimanga chofanana mu Febuluwale, ndipo nthawi zina chimanga chogulacho sichipezeka n'komwe. Lembani malirewo: x asachepere 3. Yankho latsopano ndi maekala 3 a chimanga, imodzi ya mtedza, K900,000. Tsopano mukhoza kuwauza mayiwo mwaulemu kuti nkhokwe yodzaza ikudyera banja K100,000 pachaka, iwo ndi bambo aone ngati mtengowo ndi woyenera. Mwina anena kuti ndi wotchipa. Kusankha n'kwawo, ntchito yanu ndi yoti asankhe akuona mtengo.

Ndipo taonani zimene mawu amodzi a mayiwo achita ku mitengo yobisika. Maekala 3 a chimanga ndi imodzi ya mtedza akudya masiku 50 okha, 10 atsala. Waganyu uja amene timati amulembe msanga tsopano alibe ntchito. Ekala ya mnansi ija imene timati aikane, tsopano ikukweza phindu kuchoka pa K900,000 kufika pa K1,100,000, moti lendi ya K150,000 yasanduka yabwino. Munda ndi womwewo, mbewu ndi zomwezo, koma uphungu watembenuka. Ndiye chifukwa chake sindikhulupirira munthu amene amapereka malangizo amodzi kwa mudzi wonse asadafunse za pakhomo lililonse. Tiwonjezenso kuti banjalo likufuna K950,000 ya fizi. Pa maekala 4, chimanga chosachepera 3, ndalama imeneyo palibe ngodya imene ingaitulutse. Kuwerengera kukakuuzani kuti zofuna zanu sizikumana, musakhumudwe nako. N'kwabwino kuzidziwa mbewu isadalowe pansi, nthawi yokambirana ndi mnansi za ekala ija ikadalipo, kusiyana n'kuzidziwa mwana atabwezedwa kusukulu.

Dziwaninso pamene mizere imapindika. Feteleza wowirikiza pa ekala yomweyo sabweza mowirikiza. Mudzi wonse ukabzala mtedza, mavenda amatsitsa mtengo. Ndipo pali zinthu zosagawika: theka la ekala limalimika, koma theka la ng'ombe silikoka ngolo. Vuto likakhala la zinthu zathunthu zokhazokha, kungokweza yankho la 2.6 kuti likhale 3 kukhoza kukudumphitsani malire, ndipo pamafunika njira zina zovutirapo. Pa za mitengo yosinthasintha, ligwedezeni yankho lanu muone ngati liima. Pa kuwerengera kwathu koyamba kuja, phindu la mtedza likhoza kutsika kufika K200,000 kapena kukwera kufika K400,000 pa ekala, kagawidwe ka 2 ndi 2 n'kukhalabe kosaposedwa. Yankho lolimba motero mukhoza kulidalira. Koma mukapeza yankho limene limagubuduka mtengo ukangosuntha pang'ono, musaikepo chuma chonse cha banja.

Chimene chidzakuvuteni si kuwerengera. Pulogalamu ya Excel ili ndi chida chotchedwa Solver chimene chimamaliza mavuto otere musadatembenuke, n'kukupatsaninso mitengo yobisika ija. Chovuta ndi manambala olowetsamo. Ine ndangonena kuti ekala ya mtedza imadya masiku 20, koma m'munda mwanu ndani adawerengapo? Gulani kope mvula isadagwe. Tsiku lililonse lembani amene apita kumunda, munda uti, ntchito yanji, aweruka nthawi yanji. Lembani mbewu, feteleza, mankhwala, matumba, ndalama zonyamulira, ndi zimene mwakolola pa sikelo, osati pa maso. Telala alembe mamita a nsalu ndi maola a diresi iliyonse. Wa mandasi alembe ufa, mafuta, nkhuni ndi mandasi otsala madzulo. Kenako, musanajambule mzere ngakhale umodzi, khalani pansi ndi akuluakulu a pakhomo muwafunse zimene sangalole zivute zitani: matumba a chimanga osayenera kugulitsidwa, munda wosayenera kubzalidwa mtedza zaka ziwiri zotsatizana, ndi masiku a kumaliro, a kuchipatala ndi a ntchito zachitukuko amene adzachoke ndithu pa masiku a kumunda.